David Livingstone, Mlendo Amene Anayeza Malasha a ku Moatize

Amene anayendapo pa msewu wochoka ku Zóbuè kulowera ku Tete amadziwa kuti boma la Moatize ndi dziko lotsetsereka. Kumtunda, m'malire a dziko la Malawi, kuli phiri la Zóbuè, mphepo yozizira, mitengo ya masuku ndi mvula yokwanira chimanga. Munthu akamatsika, kudutsa Kambulatsitsi ndi Cateme, nkhalango imayamba kuchepa, dothi limauma, mpaka afike kuchigwa cha malambe ndi masau, kumene dzuwa la Okutobala limaphwetsa zitsime ndipo mtsinje wa Revúbuè umathira madzi ake mu Zambezi. Chilankhulo nachonso chimasintha ndi msewu womwewo. Kumapiri ana amayankha m'Chinyanja, kuchigwa m'Chinyungwe, ndipo pakatipa ambiri amamva zonse ziwiri osadziwa n'komwe kuti ali ndi chuma.

M'chigwa chimenechi, m'chaka cha 1856, munadutsa mlendo wowonda ndi malungo, wa mkono wamanzere wopunduka, atanyamula kabuku kolembamo. Dzina lake linali David Livingstone. Mabuku akale a ku Ulaya ankati iye anatulukira maiko ano, koma dziko limene muli kale manda a makolo silitulukiridwa. Ife tikulemba za moyo wake chifukwa zimene analemba m'kabukuko zinayenda ulendo wautali kuposa mwini wake, ndipo zinakhudza malire amene tili nawo lero, maboma amene anatilamulira, ndiponso chilankhulo chimene makolo athu anaphunzira nacho kuwerenga.

Anabadwa pa 19 Malichi 1813 m'mudzi wa Blantyre ku Scotland, umene dzina lake linadzaperekedwa ku mzinda wa Blantyre wa ku Malawi. Banja lonse linkagona m'chipinda chimodzi. Ali ndi zaka khumi analowa ntchito m'fakitale yopota thonje, kulumikiza ulusi woduka kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, ndipo akaweruka ankapita ku sukulu ya madzulo kukaphunzira Chilatini. Atakula anaphunzira za mankhwala ku Glasgow, nalowa m'bungwe la amishoni la London Missionary Society. Mtima wake unali ku China, koma nkhondo ya kumeneko inamutsekera njira, ndipo atakumana ndi Robert Moffat, mmishoni wa ku Kuruman kumwera kwa Africa, anasintha maganizo. Anafika ku Kuruman mu 1841.

Chimene anachita atangofika n'choyenera kuti ife aphunzitsi tichiyang'ane modekha. Anachoka pakati pa azungu anzake n'kukakhala yekha miyezi ngati isanu ndi umodzi pakati pa Akwena, kumene kunalibe munthu womva Chingerezi. Anafuna kuti njala, ludzu ndi kusungulumwa zimukakamize kulankhula Chitswana. Anamvera amayi potunga madzi, amuna pa bwalo la milandu, ana pa masewera, nalemba mawu ndi miyambi. Potuluka m'mudzimo ankatha kuseka nthabwala ndi kutsutsana ndi asing'anga a mvula m'chilankhulo chawo, ndipo patapita zaka anasindikiza kabuku kofotokoza kapangidwe ka Chitswana. Mkazi wake Mary, mwana wa Moffat, amene anamukwatira mu 1845 atachira mabala a mkango umene unamuphwanya mkono ku Mabotsa, anayamwa Chitswanacho ali wakhanda, ndipo ndiye ankaphunzitsa ana aang'ono pa mishoni. Livingstone anadziwa ndi thupi lake lomwe kuti munthu amatsegula mtima wake m'chilankhulo cha amayi ake. Tidzaona kuti atafika kwathu kuno analibe chida chimenechi, ndipo zinamupweteka.

Pa ntchito yotembenuza anthu sanapindule. Munthu mmodzi yekha wodziwika amene anamubatiza, mfumu Sechele ya Akwena mu 1848, anabwerera kwa mmodzi wa akazi amene anawasiya pasanathe chaka. Chilala chinaumitsa mtsinje wa Kolobeng, ndipo Livingstone anayamba kuyang'ana kumpoto. Anafika pa nyanja ya Ngami mu 1849, ndi pa Zambezi ku Sesheke mu 1851. Pa ena mwa maulendo a kumpotowa anayenda ndi mkazi wodwala ndi ana aang'ono m'chipululu chopanda madzi, ndipo mu 1852 anawakweza sitima kupita ku Britain, kumene anakakhala zaka zinayi mu umphawi. Mbiri yake siikhala yoona tikabisa zimenezi.

Chitswana ndicho chinamutsegulira khomo kwa Amakololo, amene ankalamulira Zambezi wa kumtunda ndipo ankalankhula chilankhulo chapachibale. Mfumu yawo Sekeletu inkafuna njira ya malonda yopita kunyanja yamchere, choncho inamupatsa amuna 27, ng'ombe ndi minyanga ya njovu. Anafika ku Luanda pa 31 Meyi 1854, nabwerera nawo kwawo. Mu Novembala 1855 Sekeletu anamupatsanso amuna 114 kuti atsate mtsinje kulowera kum'mawa, ndipo m'mwezi womwewo anamuonetsa mathithi a Mosi-oa-Tunya, amene iye anawapatsa dzina la mfumukazi Victoria. Mabuku amati Livingstone anadutsa Africa kuchokera kunyanja ina kufika kunyanja ina. Tikamaphunzitsa zimenezi tizikumbukira amene analipira ulendowo, amene anasenza katundu, ndi amene ankapempha njira kwa mafumu.

Atadutsa Zumbo kumayambiriro a 1856, anawolokera kutsidya la kumwera kwa Zambezi. Kuti afupikitse ulendo ndi kupewa mapiri, anasiya mtsinje pamene umakhota n'kudzera pamtunda molunjika ku Tete. Anthu anamuuza kuti kutsogoloko madzi amathamanga pakati pa miyala pamalo amene iye analemba kuti Kebrabasa. Anawamva, koma anaganiza kuti ndi timiyala tochepa timene sitima ingadutse madzi akadzaza. Sanapite kukaona. Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Uyu anafunsa ndithu, koma yankho analipeputsa, ndipo pa mtunda umene sanauonewo anamangapo maloto a zaka zisanu ndi ziwiri.

Analowa mu Tete, amene eni dziko ankamutchula kuti Nyungwe, kumayambiriro a Malichi 1856. Mkulu wa asilikali a Apwitikizi, Tito Sicard, anamulandira bwino, anamuveka, anamusamala pa malungo, napatsa Amakololo minda yolima. Tete amene Livingstone anamulemba anali mudzi wotopa: nyumba za Chizungu ngati 30, nyumba za udzu pafupifupi 1200, anthu ngati 4500, ndipo Apwitikizi osakhala asilikali osakwana 20. Kumwera, pamene Luenha amathira mu Zambezi, Nyaude anali atamanga linga lake la Massangano n'kumatsekereza mabwato. Tsidya lino la kumpoto Chisaka wa ku Makanga anali atatentha minda. Mbendera inali ya Portugal, koma mphamvu yake inkathera pafupi ndi khoma la linga la Tete.

Kuti timvetse ulamuliro wa nthawi imeneyo m'dziko limene lero ndi boma la Moatize, tiyenera kudziwa mawu akuti prazo. Prazo anali malo aakulu amene mfumu ya ku Portugal inkabwereketsa kwa banja limodzi kwa mibadwo itatu, kawirikawiri kudzera mwa mwana wamkazi. Mabanjawa anakwatirana ndi eni dziko, ena anachokera ku Goa, ndipo ambiri ankalankhula zilankhulo za m'Zambezi kuposa Chipwitikizi. Mwini prazo anali ndi asilikali ake, achikunda, amene anali akapolo onyamula mfuti. Pansi pake midzi inkakhalabe ndi mafumu ake, amene ankaweruza milandu yaing'ono ndi kusonkhanitsa msonkho wa mapira, nkhuku, uchi ndi minyanga. Wowerenga makalata a boma a zaka zimenezo amadabwa kupeza mawu athu atavala malaya a Chipwitikizi: mfumu analembedwa fumo, msonkho unasanduka mussoco, mlandu unakhala milando, ndipo linga ndilo aringa. Wolamulira anabwereka mawu kwa wolamulidwa chifukwa analibe njira ina yolamulirira. Livingstone anaona kuti dongosololi linali litadzidya lokha. Malonda a akapolo opita ku Brazil atakoma, eni prazo anagulitsa anthu omwe ankawalimira ndi kuwasefera golide, otsala anathawa, ndipo minda inabwerera ku tchire.

Mkati mwa masabata asanu ndi awiri amene anakhala ku Tete, anawoloka Zambezi n'kukwera ndi mtsinje wa Revúbuè, umene iye anaulemba kuti Lofubu kapena Revubu.  Kenaka anafika pa kamtsinje kothira mu Revúbuè, kamene analemba kuti Muatize, ndipo m'gombe lake, pamene madzi anakumba, anaona msempha wakuda wa malasha wokhuthala kuposa mita imodzi. Anauyeza, anafunsa za misempha ina, nalemba kuti dziko lonse lozungulira Tete likhoza kukhala munda umodzi waukulu wa malasha, wokhalanso ndi chitsulo pafupi. Malashawo sanali chinsinsi, pakuti Apwitikizi a ku Tete ankawadziwa kale, ndipo amayi otunga madzi mu Moatize ankawaponda tsiku ndi tsiku. Chatsopano chinali chakuti tsopano analembedwa m'Chingerezi ndi munthu wochokera ku dziko limene sitima ndi mafakitale ake zinkadya malasha. M'maganizo mwake zinthu zinalukana bwino. Zambezi adzakhala msewu wa sitima, malasha a Moatize adzaziyendetsa, sitimazo zidzanyamula thonje la alimi a kumtunda, ndipo mafumu akapeza nsalu ndi mikanda pogulitsa thonje adzaleka kugulitsa anthu. Cholinga chinali chabwino, ndipo chidani chake pa ukapolo chinali chenicheni. Koma m'chithunzi chimenechi midzi ya m'mbali mwa Moatize inalibe malo ake.

Ku Tete komweko anacheza ndi Cândido da Costa Cardoso, woweruza milandu ya eni dziko, amene ankadziwa bwino chilankhulo chawo. Iyeyu anamuuza za nyanja yaikulu imene anaifika atayenda masiku 45 kumpoto, nati anthu a kumeneko amaitchula Nyanja. Livingstone analemba dzinalo, nalongosola molondola kuti tanthauzo lake ndi madzi aakulu basi. Analembanso mayina a zomera zimene anauzidwa, monga bwazi wopota nkhosi za maukonde ndi khungwa la mtengo wochiza malungo limene anaganiza kuti n'lachibale ndi kwinini. Zonsezi anazimva kudzera mwa ena. Chitswana sichinkamuthandiza pano, Chipwitikizi chake chinali cha m'njira, ndipo analibe miyezi isanu ndi umodzi yokhala pansi m'mudzi wa Anyungwe kapena wa Achewa. N'chifukwa chake masamba ake onena za Akwena ali ndi anthu amayina, otsutsa ndi oseka, pamene masamba onena za kuno adzaza miyala, mbewu ndi kuya kwa madzi. Ndipo patapita zaka, atafika yekha pa nyanjayo, anakana kuti Cândido anaiona iye asanafike. Pamenepa mlendo anaiwala amene anamulozera njira.

Anachoka ku Tete pa 22 Epulo, nafika ku Quelimane pa 20 Meyi 1856. Amakololo ambiri anawasiya ku Tete atawalonjeza kuti adzabwera kudzawaperekeza kwawo. Ku Britain anamulandira ngati ngwazi. Buku lake la maulendo, lotuluka mu 1857, linagulidwa makope pafupifupi 70,000, ndipo boma linamupatsa udindo wa kazembe, ndalama ndi sitima yotchedwa Ma-Robert. Atabwerera ku Tete mu Seputembala 1858 anapeza kuti mwa anthu a Sekeletu, makumi atatu anafa ndi nthomba ndipo asanu ndi mmodzi anaphedwa ndi Bonga, mwana wa Nyaude. Otsalawo anali atadula nkhuni zogulitsa, atasaka njovu, ena atakwatira, ndipo anali ataphunzira chilankhulo cha m'derali. Iwowa ndiwo anakhala makutu ndi pakamwa pake pa maulendo otsatira.

Kumapeto a chaka chomwecho anapita kukaona Kebrabasa ndi maso ake. Iye ndi dokotala John Kirk anakwawa pa miyala yakuda yotentha ngati chiwaya, mapazi a operekeza akutuluka matuza, mpaka anaona Zambezi yense atapanikizika mumpata wa mapiri, akugwa ndi kuwinduka. Panalibe sitima imene ikanadutsa pamenepo. Mpata umenewu ndi Cahora Bassa, pamene mu 1974 panatsekedwa ndi damu. Ma-Robert nayonso inali sitima yomvetsa chisoni, yofuna kuti anthu adule nkhuni kupitirira tsiku lathunthu kuti iyende tsiku limodzi. Richard Thornton, mnyamata wodziwa za miyala amene anabwera naye, anatumizidwa kukakumba malasha pafupi ndi Tete. Anagwira ntchitoyo akudwala malungo, koma Livingstone anamuchotsa mu 1859 pomunena ulesi, monga anachotseranso wojambula zithunzi Thomas Baines pomuganizira kuba popanda umboni wokwanira. Munthu amene ankaleza mtima ndi mafumu a Africa analephera kukhala bwino ndi anthu a mtundu wake.

Zambezi atamukana, anatembenukira ku Shire. Mu 1859 anakwera mtsinjewo, anacheza ndi mfumu Chibisa, anaona nyanja ya Chilwa, ndipo mu Seputembala anafika pa nyanja imene Cândido anamuuza ija. Analembera ku Britain kuti mapiri a Shire ndi dziko lachonde, lozizira, loyenera amishoni. Pa mawu akewo kunabwera Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake mu 1861. Koma njira imene mlendo watsegula sasankha woyendamo. Ogula akapolo a ku Tete anatsata mapazi ake, ena akudzitcha ana a Mngerezi kuti midzi iwalandire. Mu Julayi 1861, pa mudzi wa Mbame, Livingstone ndi anzake anakumana ndi mdipiti wa anthu 84 omangidwa m'magoli, ambiri amayi ndi ana, ali pa ulendo wopita ku Tete. Anawamasula, ndipo wotsogolera gululo anapezeka kuti anali kapolo wa Sicard, munthu amene anawatumikirapo iwo omwe ku Tete. Tikayang'ana mapu tiona kuti pakati pa Shire ndi Tete pagona dziko lathu lino. Amene sanapeze wowamasula anadutsa m'zigwa zomwe timalimamo, ndipo ku Tete ambiri ankatumizidwa kumtunda kwa Zambezi kukasinthidwa ndi minyanga.

Zotsatira zake zinali maliro okhaokha. Mackenzie anafa ndi malungo pa 31 Januwale 1862. Mary, amene anabwera kudzakhala ndi mwamuna wake, anamwalira pa 27 Epulo 1862 ku Chupanga, kumene manda ake alipo mpaka lero. Thornton, amene anabwereranso m'gululo, anafa mu 1863, chaka chimene njala ndi nkhondo zinadzaza Shire ndi mitembo. Boma la Britain linaitanitsa ulendowo kuti uthe, ndipo nyuzipepala za ku London zinaulemba ngati ndalama zotayika. Amakololo ena anakana kubwerera kwa Sekeletu. Anatsala kwa Chibisa ndi mfuti zawo, nasanduka mafumu a Amang'anja, ndipo mayina a Kasisi, Katunga ndi Maseya akumvekabe ku Chikwawa.

Mu 1866 anayamba ulendo wake womaliza, wofunafuna gwero la mtsinje wa Nile. Kuno sanabwerenso. Anayenda zaka zisanu ndi ziwiri akudwala, nthawi zina akudya kwa ogula akapolo a ku Zanzibar amene ankadana ndi ntchito yawo. Mu 1871 anaona anthu mazana akuphedwa pa msika wa Nyangwe, ndipo kalata yake yofotokoza zimenezi, imene mtolankhani Henry Morton Stanley anapita nayo atamupeza ku Ujiji, inathandiza kuti msika wa akapolo wa ku Zanzibar utsekedwe mu 1873. Anamwalira pa 1 Meyi chaka chomwecho m'mudzi wa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia. Amene anatsogolera zonse pa maliro anali Susi, amene analowa ntchito ku Chupanga, ndi Chuma, Myao amene anamasulidwa ku ukapolo ali mnyamata mu 1861. Anakwirira mtima wake pansi pa mtengo, anaumitsa thupi ndi mchere ndi dzuwa, nalisenza miyezi isanu ndi inayi mpaka ku Bagamoyo, pa gombe loyang'anana ndi Zanzibar. Anaikidwa ku Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874.

Imfa yake inachita zimene moyo wake unalephera. Amishoni a ku Scotland anakhazikitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876, amalonda anawatsata, ndipo Britain anayamba kunena kuti dziko la Shire ndi lake chifukwa Livingstone anayendamo. Portugal anayankha kuti anthu ake anali m'Zambezi zaka mazana atatu Mngereziyo asanabadwe. Mu 1889 asilikali a Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo a ku Shire, amene anali ndi mbendera za Britain, ndipo pa 11 Januwale 1890 London inalamula Lisbon kuti ichotse asilikaliwo. Pangano la pa 11 Juni 1891 linagawa dziko. Kwathu kuno malire anatsata msana wa mapiri: dontho la mvula lotsikira ku Shire ndi kunyanja linakhala la Britain, lotsikira ku Revúbuè ndi ku Zambezi la Portugal. Kwa wojambula mapu ali ku Ulaya umenewu ndi mzere wanzeru, wosafuna kukangana. Koma msana wa phiri kwa ife ndi pamene pali minda yabwino, pamene mudzi wa mbali ino umakwatira ku mudzi wa mbali iyo, pamene dambwe limodzi limatumikira midzi ingapo. Zóbuè anakhala pa mzere umenewu, Mwanza tsidya lina, mbumba imodzi misonkho iwiri.

Mzerewo unalowanso m'kalasi. Ku mbali ya Britain amishoni anaphunzitsa ana kuwerenga m'Chinyanja. David Clement Scott anasindikiza dikishonale ya Chimang'anja mu 1892, ndipo Buku Lopatulika lathunthu linatuluka mu 1922. Ku mbali yathu wansembe Victor Courtois analemba galamala ndi dikishonale ya chilankhulo cha ku Tete, koma boma la atsamunda linatsata njira ina. Lamulo la amishoni la 1941 linapereka maphunziro a eni dziko ku mpingo wa Katolika, n'kulamula kuti sukulu ziphunzitse m'Chipwitikizi, chilankhulo cha makolo chikuloledwa pa katekisimu pokha. Ana awiri apachibale, wina ku Mwanza wina ku Zóbuè, ankalankhula mofanana pa maliro a agogo awo, koma mmodzi yekha ankatha kulemba kalata m'mawu amenewo. Nkhondo ya zaka 16 itathamangitsira anthu ambiri a ku Tete ku Malawi, ana awo anakaphunzira kumeneko kulemba Chichewa, nabwera nacho mtendere utafika mu 1992. Kuyambira 1993 mpaka 1997 chigawo cha Tete chinali chimodzi mwa ziwiri zimene zinayesa maphunziro a zilankhulo ziwiri pa ntchito ya PEBIMO, ndipo chilankhulo chosankhidwa kuno chinali Chinyanja. Kuchokera mu 2003 njirayi inayamba kulowa m'sukulu za boma. Ntchito imene mukuikonzekera, aphunzitsi anzathu, inachedwa zaka zoposa zana chifukwa cha mbali imene mvula imatsikira pa phiri la Zóbuè.

Ulamuliro wa midzi nawo unasintha manja kangapo. Prazo atatha, atsamunda anasandutsa mafumu kukhala ma régulo, otolera msonkho ndi kugwira anthu a chibalo. Ufulu utabwera mu 1975 boma latsopano linawachotsa n'kuika alembi a midzi, ndipo lamulo la nambala 15 la chaka cha 2000 linawazindikiranso ngati atsogoleri a m'madera, ogwira ntchito limodzi ndi boma. Lero boma la Moatize lili ndi ma posto atatu, Moatize, Kambulatsitsi ndi Zóbuè, pansi pake pali ma localidade, ndipo tauni ya Moatize yakhala ikusankha khonsolo yakeyake kuyambira 1998. Mwana wa kalasi yachinayi akhoza kujambula makwerero onsewa, kuyambira kwa nyakwawa wa m'mudzi mwake mpaka kwa mkulu wa boma, ngati aloledwa kuwatchula m'mawu amene amawamva kunyumba.

Malasha aja anadikira nthawi yaitali. Sitima za pamadzi zimene Livingstone ankalota sizinadutse Cahora Bassa, koma njanji inafika ku Moatize mu 1949, ndipo migodi ya pansi pa nthaka inayamba kutumiza malasha ku Beira. Mu 2004 kampani ya Vale ya ku Brazil, dziko lomwe kunkapita akapolo a m'Zambezi, inapambana chilolezo chokumba mgodi waukulu wa pamtunda, umene unayamba kutulutsa malasha mu 2011. Kuti mgodiwo upeze malo, pakati pa 2009 ndi 2010 mabanja oposa 700 a alimi anasamutsidwira ku Cateme, mu posto ya Kambulatsitsi, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku tauni ya Moatize, kutali ndi mtsinje, ndi msika, ndi dothi limene ankaumba nalo njerwa. Pa 10 Januwale 2012 anthu a ku Cateme anakhala pa njanji n'kuimitsa sitima ya malasha, podandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yamiyala. Ana amene ena a inu mudzawapeza m'makalasi a ku Cateme anabadwira kumeneko, koma makolo awo akafunsidwa kwawo amatchulabe midzi ya m'mbali mwa Moatize ndi Revúbuè, kufupi ndi magombe amene mlendo uja anayeza mu 1856: Chipanga, Mithethe, Malabwe, ndi wina wotchedwa Bagamoyo, dzina lomwelo la doko kumene Susi ndi Chuma anakatula mtembo.